Mwera Ukatha Ndibwera

Fungo la petulo wa jenereta likasakanikirana ndi la chinangwa choviika, ine ndimapezeka ndabwerera pa Chintheche, m'kanyumba ka bango kamene bambo anga ankaonetseramo kanema. Kanali kuseri kwa magolosale, pafupi ndi msika, ndipo mkati mwake anakutamo mapulasitiki akuda kuti dzuwa lisalowe. Munali mabenchi asanu ndi limodzi, tivi imodzi pamwamba pa tebulo, ndi waya wopita ku sipika yaikulu imene inkapachikidwa mumtengo wa mango panja, kuti odutsa mumsewu azimva zimene akuphonya. Kuseri kwa mpanda amayi ena ankayanika chinangwa chawo cha kondowole, ndiye mphepo ikawomba, fungo lake lowawasa linkalowa m'mipata ya bango n'kukhala nafe mpaka kanema atatha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo inali nyengo ya mwera.

Ife sitinali a kumeneko. Tinachokera ku Dedza amayi atapeza ntchito yochapa ndi kuyala mabedi pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo bambo anagulitsa njinga ndi mbuzi zawo n'kugula tivi ija. Ana a m'dera lathu ankasewera m'Chitonga, ndipo ine ndikati ndiyeseko, ankagwa pansi ndi phwete. Ananditcha NyaDedza. Sindinali mwana wofatsa, ndinkabwezera ndi zibakera, choncho pofika chaka chachiwiri ndinalibe mnzanga ngakhale mmodzi. Mnzanga anali amayi, akaweruka madzulo manja awo akununkha sopo wa azungu.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Juni anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundiluka tsitsi. Ankakoka kwambiri moti ndinalira, koma sanandikalipire monga ankachitira masiku onse. Anangoti akufuna kuti likhalitse. M'mawa mwake ananyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere, ndipo ndinawaperekeza mpaka pa siteji ya minibasi. "Uzimvera bambo ako," anatero, kondakitala akukankhira chikwamacho pansi pa mpando. Kumene ankapita sananene, nanenso sindinafunse, poti ndinkaganiza kuti munthu wamkulu akapita amabwerako. Bambo m'mawa umenewo anali kalikiliki kupukuta jenereta imene inali yoyera kale.

Mwera wa chaka chimenecho unali wankhanza. Nyanja inasanduka yotuwa, mafunde ankamenya mchenga usana wonse mpaka phokoso lake linkamveka kumsika, ndipo mabwato anawakokera kumtunda n'kuwavundikira. Mathandala oyanikapo usipa anangoti mbee, opanda kanthu. Asodzi, posowa chochita, ankabwera kwathu dzuwa likangopendeka, atavala majekete ong'ambika m'zigongono, ndipo m'milungu iwiri anali ataonera zimbale zonse za karate kawirikawiri. Chinatsala chimbale chimodzi chopanda chikuto, chimene mlendo wina anachiiwala pa loji ndipo amayi anabwera nacho kunyumba.

Kanema wake analibe ndewu, analibe mfuti, ngakhale galimoto yogubuduzika munalibe. Munali azungu a mumzinda wina wa chipale chofewa, akungolowa ndi kutuluka m'nyumba za anzawo, kudya, kulankhula ndi kulira. Ntchito ya bambo inali kukhala pambali pa tivi ndi maikolofoni n'kumawalankhulira anthuwo m'Chichewa, ndipo aliyense ankamupatsa dzina lakwathu kuno. Dokotala wadazi anali a Phiri. Mkazi wawo, mphunzitsi wovala chijasi chobiriwira, anali NyaBanda. A Phiri ankazemberana ndi namwino wa kuchipatala kwawo, namwinoyo anali mkazi wa woyendetsa takisi amene bambo anamutcha Che Yusufu, ndipo Che Yusufu ndi amene ankanyamula NyaBanda popita kusukulu mpaka awiriwo anayamba kuchedwa panjira. Aliyense ankanamiza mnzake, ndipo onse ankakumana pa phwando limodzi n'kumapatsirana mbale mwaulemu.

Tsiku loyamba asodzi anadandaula kuti awabera. Tsiku lachiwiri anabweranso, ati adzaonetsetse kuti wayamba ndani. Pofika sabata yachiwiri nkhani inali ponseponse, ndipo amayi ogula usipa ochokera ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, amene ankangodikira nyanja, anayamba kudzaza mabenchi a kutsogolo. Ankakangana ngati akuweruza mlandu wa pamudzi. Ena ankati wolakwa ndi dokotala, ena ankati mkazi wophunzira ndi wotero. Bambo ankawakolezera moto, chifukwa tsiku lililonse ankasintha mawu: lero a Phiri akunamizira msonkhano, mawa akunamizira maliro a ku Usisya. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ine, nditakhala pa kireti patsogolo penipeni, ndinkanyadira kuti bambo anga amamva Chingerezi chonsecho.

Munthu mmodzi yekha sankaseka. Anali NyaChirwa, mkazi wa a Mhone, mwamuna amene ankaphika pa loji ija ya amayi. Amuna awo nawonso anali atachoka sabata yomweyo imene amayi anachoka, akuti anapeza ntchito ku Salima, ndipo ine sindinaonepo chachilendo pamenepo. NyaChirwa ankalowa kanema atayamba kale, mwana ali kumsana, n'kukhala kumapeto kwa benchi yomaliza. Iwo ndi bambo sankapatsana moni kupitirira kugwedeza mutu, koma sindinaonepo bambo akuwalipiritsa.

Kumapeto kwa kanemayo, zonse zitaululika, NyaBanda ankaima pa siteshoni ya sitima ndi sutikesi. Mwamuna wake ankaima chapatali, atagwira dzanja kamtsikana kawo. Mayiyo ankawerama, n'kukagwira kamtsikanako pachifuwa, n'kunena mawu ochepa. Pamenepo bambo ankatsitsa mawu n'kunena kuti, "Ndangopita kukapuma kwathu, mwanangu. Mwera ukatha ndibwera." Asodzi ankafa nazo, ati mwera wafika mpaka kwa azungu. Koma mawu amenewa okha bambo sankawasintha. Tsiku ndi tsiku, m'kanema yense wosinthasintha uja, pa siteshoni pokha ankanena zomwezo.

Ine ndinawatenga mawuwo n'kuwasunga. Kunyumba bambo sankatchula dzina la amayi, ndipo ndikayamba kufunsa ankakumbukira mwadzidzidzi kuti petulo watha. Ndiye ndinaganiza kuti yankho langa ndi limenelo, popeza linkatuluka m'kamwa mwa bambo ndipo ankalinena akuyang'ana pansi. Ndinayamba kudzuka m'mamawa n'kutsika kunyanja ndekha, kudutsa m'minda ya chinangwa, mame akundinyowetsa miyendo. Ndinkaima pamchenga wozizira n'kumawerenga mafunde ngati achepako. Ana ena akamatola nkhuni zobwera ndi madzi ankandiyang'ana n'kumanong'onezana, ine osawalabadira. Ndinkadana ndi mphepo imeneyo monga mmene umadanirana ndi munthu.

Kunyumba zinthu zinkatha pang'onopang'ono. Fungo la sopo lija linachoka pa chitenje chimene amayi anasiya pa msomali, ngakhale ndinkachinunkhiza mosamala kuti lisathe msanga. Bambo ankaphika mpunga wa ku Limphasa wosapsa pakati, tinkadya osalankhulana, mawu awo onse atathera pa maikolofoni. Tsitsi langa linamasuka m'mphepete, linayamba kuyabwa ndi kununkha utsi, koma aliyense wofuna kulikhudza ndinkamuluma. Ndinkafuna amayi adzalipeze mmene analisiyira, adzaone kuti lakhalitsa.

Chakumapeto kwa Ogasiti, m'mawa wina ndinadzuka n'kumva kuti chinachake chasowa. Linali phokoso la mafunde. Ndinathamanga osavala nsapato, ndipo ndinapeza nyanja itagona, yosalala ngati mbale, kutali uko tizilombo touluka ta nkhungu tikukwera ngati utsi. Asodzi anali akukankhira mabwato m'madzi akuimba. Ndinabwerera kunyumba, ndinasamba, ndinavala diresi langa la kutchalitchi, n'kupita pa siteji.

Ndinakhala pamenepo masiku atatu. Minibasi iliyonse yochokera kummwera ndinkaithamangira n'kusuzumira m'mawindo, mpaka makondakitala anayamba kundiseka kuti ndikufuna ntchito. Dzuwa linayamba kutentha, phula linkanunkha, ogulitsa nthochi ankasamuka kutsatira mthunzi, ine ndili pomwepo. Bambo ankaganiza kuti ndapeza anzanga osewera nawo. Tsiku lachitatu masana, dzanja linandigwira paphewa, ndipo nditatembenuka ndinaona NyaChirwa atasenza beseni la usipa watsopano.

"Iwe mwana wa Ada Kachingwe, ukulindira ndani pano?"

"Amayi anga. Mwera watha."

NyaChirwa anatula beseni lija, n'kumusiyira mayi wina wogulitsa nthochi, ndipo anandigwira dzanja mpaka ku kanyumba ka bango kaja. Tinapeza bambo akukulunga mawaya, poti asodzi atabwerera panyanja kunalibenso woonera kanema masana. NyaChirwa sanakhale pansi. "Ada," anatero m'Chichewa chawo chokoka, "mwana uyu akulindira mawu anu aja pa siteji. Ine ndine mulala, munthu wamkulu, nkhudziwa kuti ni boza, nkhabweranga waka kuti nilimve. Kweni uyu sakudziwa." Bambo anapitiriza kukulunga waya umene unali utatha kale kukulungidwa.

Tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka, analiza jenereta. Sipika ya mumtengo wa mango anaizula, ndipo m'kanyumbamo tinalimo atatu, kupatula mwana wa kumsana uja: ine pa kireti yanga, NyaChirwa pa benchi yomaliza, ndi bambo pambali pa tivi. Sanadumphe paliponse. Anaonetsa kanema yense kuyambira pachiyambi, akulankhula motsitsa, opanda nthabwala za maliro a ku Usisya, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti anthu a m'kanemamo sankasangalala ngakhale pa phwando lija. Titafika pa siteshoni, NyaBanda anawerama, milomo yake inayenda mpaka inaleka, bambo ali chete. Sitima inayamba kuyenda. Ndipamene ndinamva mpweya wawo pa maikolofoni.

"Sindibwera, mwanangu. Si chifukwa cha iwe ayi. Usamandidikire pa siteji."

"Sanatero," ndinatero ine. "Ababa, sanatero."

"Lero watero, mayi," anandiyankha bambo.

Anazimitsa tivi n'kutuluka kukazimitsa jenereta, ndipo anakhalitsa kumeneko. Ine ndinalira mokuwa, ndikumenya kireti ndi zidendene. NyaChirwa anadikira mpaka nditatopa, kenako ananditulutsa panja, anandikhazika pakati pa miyendo yawo pansi pa mango paja n'kuyamba kumasula tsitsi langa ndi kamtengo. Linali litapotana kwambiri moti pena ankachita kudula. Sindinawalume. Mwana wawo ankandikoka khutu, ndipo m'manja mwawo munkanunkha usipa.

Kwa miyezi yambiri ndinakwiyira mzungu wa chijasi chobiriwira uja. Ndinkakhulupirira kuti anasintha maganizo tsiku limenelo, ndipo kuti bambo akanangoonetsanso kanemayo kamodzi, mwina akanasinthanso. Ndinawapempha kangapo, koma ankati chimbale chinakalika. Zina zonse ndinazimva pang'onopang'ono ndikukula, monga mmene nkhani zotere zimamvekera, kumjigo ndi kumaliro: kuti amayi ankakhala ndi a Mhone ku Salima, ndiponso kuti chaka chimodzi izi zisanachitike bambo anali ndi mayi wina wogulitsa mpunga ku Limphasa, amayi akudziwa. Ndinasiya kufufuza kuti anayamba ndani. Amayi ndinakawaona ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo tinapatsana moni wa m'manja ngati anthu a mpingo umodzi.

Kanema uja ndinadzamupeza mwangozi ndili ku koleji ku Mzuzu, Chingerezi ndikuchimva tsopano. Pa siteshoni paja mayiyo amangouza mwana wake kuti amange mabatani a juzi chifukwa kukuzizira. Ndipo m'kanema yense mulibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene bambo anamasulira molondola, poti sukulu analekera Sitandade 6. Ankangoyang'ana nkhope za anthuwo n'kumanena za mumtima mwawo.

Bambo anamwalira asanandiuzepo maso ndi maso kuti amayi anatisiya, ndipo ndili mtsikana ndinkawaona ngati amantha pa chifukwa chimenecho. Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nyengo imeneyo, ndipo ndimawamvera chisoni. Mawu oyamba aja sankandiuza ine. Ankadziuza okha, tsiku ndi tsiku, pamaso pa asodzi akuseka ndi mayi mmodzi wa pa benchi yomaliza amene naye ankafuna kuwamva mawuwo. Achiwiri aja ndiwo anali anga, ndipo kuti andipatse anayenera kuyamba awamva iwo eni.