Alamu Anandichotsa Ntchito M'Chingerezi

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ndiwo anandilakwira, ndipo akudziwa. Zaka zonse zija tinkadula nzimbe moyandikana kuesiteti, tikumwera chigubu chimodzi. Kunola chikwanje osadzicheka chala ndinawaphunzitsa ndine. Atawakweza kukhala kapitawo ndinavina kuposa mlongo wawo.

Ndiye tsiku lina m'mawa, mwaye wa nzimbe zootcha uli kumaso kwathu, anandiitanira pambali n'kutulutsa kalata. Munthu amene ankanditukwana m'Chisena tsiku ndi tsiku anayamba kundiwerengera Chingerezi, maso ali papepala ngati wansembe. Ine ndinangogwirapo liwu limodzi, lalitali ngati njanji. Atatha anandipatsa kalatayo, akuti ndizipita kunyumba, iwo n'kuthawira kuthirakitala.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Nditabwerera kumudzi kwa Tengani, kalatayo ndinapita nayo kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, oyandikana nafe. Anavala magalasi n'kuloza liwu lija ndi chala: superannuate. Anati liwuli siliyenda pamsewu, ngakhale azungu eni ake salitchula kawirikawiri, limangokhala m'maofesi. Tanthauzo lake ndi kupumitsa munthu pantchito chifukwa wakula kapena thupi lafooka, n'kumamupatsa penshoni. Sudzipumitsa wekha, amakupumitsa ndi ena. Kenako anawonjezera kuti amanenera ngakhale galimoto yakutha. Apo ndinaimirira. Anandikhazika pansi ndi thobwa la mapira, akuseka, akuti nawonso liwulo linawapeza koma sanafe nalo.

Za msana sindikana. Unkandigwira moti masiku ena ndinkadula chogwada. Mkazi wanga anadzaulula kuti ndi alamu amene anakanena kwa dokotala wa kampani, atandipeza ndikubuula kuseri kwa nzimbe. "Akanapanda kutero bwenzi tikukunyamulani pa wilibala," anatero. Mwina ndi zoona. Alamu ndimawadziwa, mtima wawo ndi wofewa ngati papaya lakupsa, n'chifukwa chake anakabisala m'Chingerezi.

Koma pagulu lathu tinali ndi mwambo. Munthu akamasiya ntchito, anzake ankamaliza mizere yawo n'kuima kumbuyo kwake. Iye ankadula mzere womaliza yekha, akumuimbira, akumunyogodola kuti wakalamba. Akafika kumapeto ankapereka tupa lake lonolera kwa amene wamusankha. Ine ndaimapo kumbuyo kwa anthu ambiri. Alamu mwambowu akuudziwa, nyimbo ankayambitsa ndi iwo. Koma ine anandichotsa pakati pa mzere, nzimbe zili chiimire, anzanga osadziwa n'komwe kuti sindibweranso.

Tsopano amangotumiza milamba youma kwa mlongo wawo, eni ake osaoneka. Milambayo ndimadya, sindinayambane ndi nsomba ine. Pamaliro ena kwa Mbenje anandiona n'kukakhala patali. Pobwerera kumanda ndinawatsata n'kuwauza kuti, "Alamu, sindiluma ine, mano munawapumitsa limodzi ndi msana." Anaseka misozi ili m'maso, n'kuyamba kufunsa za mapira ngati acha. Za kalata ayi.

Alamu, nyengo yodula nzimbe ya chaka chino mubwere mudzanditenge. Muwauze anzathu aime kumbuyo kwanga. Mzere umodzi basi, ngakhale unditengere mpaka dzuwa kupendeka, palibe wondithandiza. Ndipo nyimbo muyambitse ndinu, m'Chisena, mukundiyang'ana kumaso.