Ng'anjo Imene Inadya Mapapo a Achimwene

Ndinanyamuka ku Al Barsha, kumene ndimakhala mumzinda wa Dubai, Loweruka sikisi koloko m'mawa, koma kunja kunali kutatentha kale. Ndinkapita ku fakitale ina kuseri kwa Jebel Ali, kumene achimwene anga a Lakisoni anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa ng'anjo yosungunulira aluminiyamu. Mwezi wapitawo anawakweza ndege kubwerera kwathu ku Mchinji ali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ineyo ndine namwino. Nditaona chithunzi cha mapapo awo, sindinafunikire dokotala woti andimasulire. Pochoka anasiya chikwama kuntchito, ndiye anandituma kuti ndikachitenge.

Sitima ya Red Line inandidya madiramu asanu. Nyumba zagalasi za mumzinda zinayamba kuchepa pang'onopang'ono mpaka kunatsala mchenga, mipope ndi mawaya a magetsi. Pamene ndinatsikira ndinagula tiyi wa karak wa diramu imodzi, n'kumadikira basi imene sinabwere. Patatha theka la ola ndinagonja kwa dalaivala wa takisi, mkulu wa ku Pakistan wa ndevu zofiira.

"Yalla, tiyeni, sister, madiramu makumi awiri," anatero. Nditamuuza kumene ndikupita anaseka. "Kale sindinkafunsa njira ya kumeneko, ndinkangolondola utsi. Masiku ano ndimasochera."

Tinasocheradi kawiri. Tinafika hafu pasiti eyiti.

Pageti anandilandira a Banda, injiniya wa ku Chipata amene ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi achimwene. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Alongo, ba Lakisoni bali bwanji manje?"

"Akuyankhula, koma sangamalize chiganizo osapumira."

Anayang'ana pansi. Kenaka anandipatsa chisoti ndi magalasi, nati sindingabwerere osaona ng'anjo yatsopano.

Ndinkayembekeza moto ndi phokoso, koma ndinapeza chinyumba choyera ngati wodi ya chipatala chathu. A Banda anafotokoza modekha. Ng'anjo yakale inkayaka ndi mafuta. Yatsopanoyi imayendera magetsi, ena mwa iwo ochokera ku masola amene adzaza denga lonse. Kutentha kumene kale kunkangothawira kumwamba, tsopano amakubweza kuti kuziyamba kuwotcha zitini zakale zisanalowe m'ng'anjo. Utsi wotsalawo umayamwidwa n'kusefedwa. Amuna awiri anakhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa galasi, maso ali pa kompyuta, wina akusenda lalanje.

"Pa yakale paja pankaima anthu khumi ndi awiri," anatero a Banda.

"Nanga enawo ali kuti?"

"Khalas, zawo zinatha. Ena ku Nepal, ena ku Kerala. Makontirakiti atatha sanawaitanenso."

Ndinakoka mpweya wambiri kuti ndimve fungo lija linkakhala m'malaya a achimwene akabwera kudzandiona Lamulungu. Panalibe. Ndikanayenera kusangalala, koma sindinasangalale.

"Achimwene anu ndiwo ankadandaula za utsi pa miting'i iliyonse," anapitiriza a Banda. "Mabwana mpaka anawapatsa dzina loti Bambo Utsi. Tsiku limene tinayatsa iyi, iwo anali atagonekedwa kale."

Chikwama tinachipeza m'kabati yachitsulo yolembedwa dzina lawo. Munali majombo opserera kutsogolo, kapu, buku la nyimbo, ndi tinsalu totseka pakamwa tisanu. Anali atatichapa n'kutipinda bwinobwino, koma mkati mwake munali mwakuda bii. Kukantini anandigulira mpunga wa biriyani. Ndinadya masipuni atatu n'kukankhira mbale kwa a Banda.

Cha m'ma wani koloko anati andiperekeze ku siteshoni pa galimoto yawo. Pageti tinaima, chifukwa chilole chachitali chinali kutuluka pang'onopang'ono, chitasenza zizitsulo zadzimbiri zomangidwa ndi matcheni. Chimodzi chinali chumuni, mwaye uli bii m'kamwa mwake.

"Ndiyo yakale ija," anatero a Banda.

"Akukaiphwanya?"

Anatsitsa wailesi.

"Ayi, alongo. Yagulidwa. Ikadali yamphamvu, ndipo yatsika mtengo. Pamapepala alemba doko la Beira. Ikakatsika kumeneko ipita kuti, sindidziwa."

Ine ndikudziwa kumene malole ochoka ku Beira amalowera. Ena amadutsa pa Mwanza, ena pa Dedza, ena amapitirira mpaka kwawo kwa a Banda. Tinachitsatira chilolecho pambuyo mtunda wonse mpaka pamene chinakhotera kudoko.

M'sitima yobwerera ndinakhala pawindo, chikwama chili pamiyendo. Nzeru zoyeretsera mpweya zilipo, ndaziona ndi maso anga, ndipo zikugwira ntchito. Koma zimayamba kufika kwa amene angazigule, ndipo zimene iwo ataya sizifa. Kwinakwake kufupi ndi kwathu adzamanga mpanda, adzaimika chumuni chija, ndipo amuna adzafola pageti m'mamawa atanyamula makalata ofunsira ntchito. Amene adzalembedwe adzathamangira kunyumba kukanena, ndipo amayi ake adzalulutira, monga analulutira amayi athu tsiku limene achimwene analandira kalata ya ku Dubai.