Mano Ogula a a Jailos

A Jailos akalambira m'njira za phiri la Mulanje. Chiyambire unyamata wawo akhala akusenza zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula kukwera ku Chambe, ndipo miyendo sinawakhumudwitsepo. Chinawagwiritsa fuwa lamoto ndi mano.

Ankawawa limodzilimodzi, iwo n'kumapita kuchipatala kukazulitsa, mpaka m'kamwa munatsala nkhama zokhazokha ngati mwa khanda. Mwana wawo Emma, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anawatenga n'kukawapangitsira mano oikirira. Anabwera nawo ali mbee, anzawo n'kumawaseka kuti madalawa akufuna mitala. A Jailos anaseka nawo, poti mano osekera analipo. Otafunira ndiwo panalibe.

Tsonotu kuphiri sadya phala. Wosenza katundu alibe nthawi yosonkha moto panjira. Kamba wake ndi chimanga chokazinga, mtedza ndi chinangwa chouma, zimene umatapa m'thumba n'kumakukuta uku ukukwera. Mano ogulawo akakumana ndi njere ya chimanga ankagwedera, n'kutupula nkhama mpaka magazi. Chonsecho a Phillip, mnzawo wa msinkhu umodzi, atsala ndi mano awoawo owerengeka, obooka, achikasu ndi fodya, koma mzimbe amasenda ndi pakamwa pomwepo. Zimenezi zinkawawawa mumtima a Jailos, osati masewera.

Nanga akanadandaulira ndani? Pa Likhubula maulendo amagawana mosinthana, ndipo aliyense amadziwa chimene chimachitika ukatula katundu panjira, wina n'kukusenzera. Mbiri imatsika phiri iwe usanafike, ndipo palibe gaidi, wotsogolera alendo, amene amakutenganso. Munda wa a Jailos ndi kachigamba chabe, kopanikizika ndi tiyi wa esiteti. Phiri ndilo linkawadyetsa iwo ndi mkazi wawo, a Esther.

Ndiye anayamba kunamiza anthu ndi nsagwada. Mnzawo akawatapira chimanga ankalandira, n'kumayendetsa chibwano ngati akutafuna, kenako n'kumeza njere zathunthu. M'mimba munkapota tsiku lonse. Thupi linayamba kutha, lamba n'kumangobooledwa mabowo atsopano ndi msomali. A Esther anawachonderera kuti azitenga phala m'botolo.

"Ndizikamwa phala pamaso pa anyamata?" anayankha a Jailos. "Si ndiye ndadzichotsa ndekha ntchito?"

Anali ndi mantha bambo aja, mantha enieni, ndipo ulendo uliwonse ankaupempherera ngati matenda.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, unali ulendo wawo. Gaidi anali Golden, bambo wa ana ake tsopano, amene a Jailos anamuphunzitsa okha njira za m'phirimo. Atadutsa mathithi n'kuyamba chikweza, m'maso mwa a Jailos munayamba kuchita chidima. Anatapa mtedza n'kuluma ndi mphamvu zonse zimene zinatsala. Mano a m'munsi anapulumuka n'kugwera pamwala, mtedza uli wathunthu m'kamwa. Atawerama kuti atole, chikwama chinawakankha, n'kugwa chogwada. Anayesa kudzuka, koma miyendo inakana.

Golden anabwerera n'kunjuta pambali pawo. "Bambo, vulani chikwamacho."

"Iyayi mwanawe, ndangopunthwa. Undipatse timadzi, ndinyamuka."

"Ndakhala ndikukuonani. Inu simukudya."

"Golden, chonde, usandisenzere." Mawu ankatuluka ophwanyika chifukwa m'kamwa munali mwagweragwera. "Ukandisenzera wandipha. A Esther kunyumbaku azidya chiyani? Ndifika, olo chokwawa ndifika."

Golden anayang'ana alendo amene anaima kumtunda akudikira, n'kuyang'ananso mtunda umene unatsala. Sankafuna kutero, zinkaoneka pankhope. Koma munthu akafera m'phiri wofunsidwa ndi gaidi. Anamasula malamba pamapewa a mkuluyo n'kusanjika chikwamacho pa chake. Kenako anatola mano aja, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwaika m'manja mwa mwini wake.

"Muzitsika pang'onopang'ono, bambo. Mukapume kumathithi."

A Jailos anakhala pamwalapo mpaka mawu a alendo anazilala. Ataimirira kuti azitsika anadzandira, chifukwa kumsana kunapepuka moti sanadziwe kayendedwe kake. Moyo wawo wonse anali asanayendepo m'njira imeneyo opanda katundu wa munthu.