Mulungu wa Tiza ndi Mabelo a Kapambwe

Lolemba lina m'mawa, pamsika wa ku Chawama, Tiza anadula zingwe za belo la salaula, zovala zovalidwapo kale, azimayi atamuzungulira kale, aliyense akufuna kuyamba kusankha. Belo linafutukuka. Mabulauzi oyera anali ndi mawanga achikasu, akununkha ngati poto wokazingira vitumbuwa.

Anadzichitira yekha. Dzulo lake, mneneri wina wa ku Kanyama anamupatsa botolo la mafuta odzozedwa kuti adzoze katundu wake. Tiza anaona kuti kupaka kunja n'kuchepa. Anaboola pulasitiki ya belo malo anayi n'kukhuthuliramo botolo lonse, kuti dalitso lifike pakati penipeni.

Umenewo unali mpamba wake womaliza. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chathacho, n'kumusiyira ana awiri, Webster ndi Chipo.

Azimayi aja sanapite kutali. Anayenda mapazi atatu okha n'kuima pa thebulo la Kapambwe.

Inu amene simunachitepo nsanje, tsogolani, enafe tikupezani. Kapambwe anali mayi wa msinkhu wa Tiza, wogulitsanso salaula. Kutchalitchi sankapondako. Lamlungu ankatsegula thebulo lake n'kuyatsa wailesi. Koma nyumba anamanga ku Lilanda, ana ake ankapita kusukulu pa basi, ngakhale khungu lake linkawala. Tiza, mayi wa Chigwirizano, wosala kudya Lachitatu lililonse, ankati akamva Kapambwe akuseka ndi makasitomala, nsanje inkamugwira. Kwa mneneri kuja sinali njala yokha imene inamutengerako. Ankafuna kuti tsiku limodzi lokha Kapambwe akhale wosagulitsa, aziyang'ana iye.

"Bana Webster, pepani," anatero Kapambwe anthu atachepa, kumuitana Tiza ndi dzina la mwana wake. "Koma Mulungu wanu anakuuzani kuti vovala vimakazingidwa?"

Lamlungu lotsatira Tiza sanapite kutchalitchi, lotsatiranso chimodzimodzi. Maganizo ake anali achidule. Ngati Mulungu aliko, ndiye kuti amagwirira ntchito Kapambwe. Ngati kulibe, ndiye kuti zaka zonsezi wakhala akulankhula ndi malata a denga. Uku kapena uku, wopusa anali iye.

Koma ana safunsa ngati Mulungu aliko asanadye. Tiza anachapa mabulauzi aja katatu. Amene anayera anagulitsa, otsalawo anawadula nsanza n'kukagulitsa kwa otsuka magalimoto. Kenako anachita chinthu chowawa kuposa zonse: anapempha ntchito kwa Kapambwe, yochapa ndi kusita.

Miyezi isanu anasita madiresi a mnzake. Koma wansanje ali ndi maso. Anaona kuti Kapambwe amagula majuzi mu Epulo kuzizira kusanafike. Anaona kuti sataya zovala pansi mulu, amazipachika. Anaona kuti amakumbukira saizi ya mwana wa kasitomala aliyense. Mankhwala amene Tiza ankawafufuza pansi pa thebulo sanawapeze.

Tsiku lina anapita limodzi ku Kamwala kukagula belo. Kapambwe sanathamangire. Anafunsa onyamula katundu kuti kontena yafika liti. Anadina makona, anayang'ana ngati zingwe zinamasulidwapo, anakweza mbali imodzi kuti amve kulemera. Tiza anapezeka kuti watseka maso, milomo ikupemphera yokha.

"Mwayambanso?" Kapambwe anaseka. "Ine nimakhulupirira vamene naona na maso yanga."

"Ba Kapambwe, mukati mwa belo ili mwaonamo?"

"Ivo ni vina. Apa pali vizindikiro."

"Vizindikiro sivinakunamizenipo?"

"Kambiri! Tsiku lina ninapeza makatani yekayeka."

"Nanga simunaleke bwanji?"

"Nikaleka nizadya chani? Osagula nayenso wasankha, wasankha njala." Kapambwe anamuyang'ana m'mbali. "Naona kwamene muyenda. Koma ine belo langa nizatsegula mailo. Lanu la Mulungu muzatsegula liti?"

"Nikafa."

"Ndiye vuto yanu iyo, mayo."

Tiza zinamupweteka kuti ngakhale pa nkhani ya Mulungu, Kapambwe ndiye watsiriza kulankhula. M'minibasi yonse anakhala akutafuna mawuwo.

Anaona kuti Kapambwe sananame: belo la Tiza, la chikhulupiriro, silidzatsegulidwa mawa. Koma anaonanso kuti Kapambweyo, ponena kuti kumwamba kulibe kanthu, sanasuzumireko. Onse awiri anasankha osaona. Kusiyana kwa wochenjera ndi wopusa sikuona mkati ayi, ndi kufufuza usanasankhe. Ndipo Tiza, chibadwire, anali asanafufuzepo. Chikhulupiriro anangotengera kwa amayi ake ku Katete.

Ndiye anafufuza, mmene amachitira munthu wamalonda, osadzikomera.

Zotsutsa zinalipo, zolemera. Mwamuna wake anafa iye akupemphera. Wosapemphera akulemera pamaso pake.

Koma anadzifunsa kuti, kodi ndani anamulonjeza kuti opemphera ndiwo adzagulitsa mabulauzi? Mneneri uja, osati Mulungu. Tiza mwini ndiye anamulemba Mulungu ganyu yogwetsa Kapambwe, ganyuyo itakanika n'kunena kuti kulibe. Munthu akakana kukutumikira sizitanthauza kuti kulibe.

Ndipo panali china chimene chinkamuvuta. Nsanje yakeyi palibe ankaidziwa, palibe lamulo loiletsa, koma mkati mwake munali mawu omuuza kuti ndi yoipa. Anayesa kuwatontholetsa, osatheka. Anali a ndani, poti iye mwini sankawafuna? Mwina ndi maleredwe chabe, Kapambwe akanatero. Mwina. Koma Tiza atayika zonse pamodzi, anaona kuti mbali ya kukhulupirira ikulemerako. Osati kwambiri. Mokwanira kuti munthu wanzeru zake asankhe popanda manyazi.

Anabwerera kutchalitchi, n'kukhala benchi yakumbuyo. Ntchito sanachepetse. Chaka chisanathe anagula theka la belo mogawana ndi mayi wina, kenako belo lathunthu, la zovala za ana, atalidina makona yekha. Lero ali ndi kashopu ka chitseko chachitsulo, ndipo Chipo akuphunzira unamwino.

Musaganize kuti Kapambwe anagwa. Ali ndi mashopu awiri ndi galimoto. Kutchalitchi sanapondebe. Lamlungu lililonse Tiza amadutsa pa shopu ya Kapambwe atavala zoyera, makasitomala ake enieni ali pamzere kwa Kapambwe, ndipo nsanje imamugwirabe.

"Bana Webster! Mukanipemphelereko ka!"

"Nimakupemphelerani, koma mtima sufuna!"

Amaseka onse awiri, Tiza n'kupitirira.

Tsono inu amene mwakhala pansi lero chifukwa mnzanu wosagwada akudya bwino, imvani. Kukayika si tchimo, ulesi wa kuganiza ndiwo woipa. Funsani mafunso anu onse, yesani mbali zonse, musabise zimene zikukutsutsani. Mukatha, sankhani, chifukwa chitsimikizo chonse simudzachipeza, ndipo ana akudikira chakudya. Nsanje ikabwera, ipatseni ntchito yophunzira. Osataya nzeru, osataya mtima. Dzukani, kwacha.