Zigoli Zolembedwa Dzina la Wina

Aneba athu ku Chawama amasoka nsapato pansi pa mtengo wamango. Mpira wa ana ukawagubudukira, amauimitsa ndi phazi lamanzere osayang'ana n'komwe. "Mwendo suiwala," amatero.

Mpira anauyambira pabwalo la sukulu mpaka kukasewera mu timu yaikulu ya kumigodi. Koma pofuna kuchepetsa zaka, analembetsa ndi mapepala a mng'ono wawo, Whyson, munthu amene sanamenyepo mpira chibadwire.

Tsiku lina mdzukulu wawo wamkazi anapeza nyuzipepala zakale m'sutikesi.

"Ambuya, kansi ba Whyson benze kuchaya bola so! Nanga imwe munali kuti?"

Aneba athuwo anayang'anitsitsa chithunzi chosuluka cha m'nyuzipepalamo, nkhope yawo yomwe, dzina la wina.

"Nenze pafupi," anayankha, n'kubwerera ku singano yawo.