Ndinanamizira Mkazi Wanga Tsempho

Inu owerenga, ine ndakalamba tsopano, koma pali cholakwa chimodzi chimene ndikachikumbukira ndimagwidwabe ndi manyazi. Ndinathamangitsa mkazi wanga ali ndi pakati, mwana wathu akudwala, pa mlandu umene iye sanapalamule. Panangotsala pang'ono kuti nditaye onse awiri.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1950. Ine ndi mkazi wanga Naphiri tinachoka kwathu ku Katete n'kudzapempha malo pakati pa Asoli, kufupi ndi Chalimbana. Ndinkalima chimanga ndi mtedza, ndinkaweta nkhuku, ndiponso ndinali ndi ngolo ya ng'ombe yokagulitsira nkhuni ndi mazira. Ulendo wa ku Lusaka unkanditengera masiku atatu. Pakhomo tinkakhala ndi azakhali anga, ndipo mawu awo sitinkawatsutsa.

Mwana wathu woyamba, Enelesi, ali ndi chaka ndi miyezi ingapo, Naphiri anaimanso. Azakhali analamula kuti mwana asiye bere tsiku lomwelo, ati mkaka wawonongeka. Kuyambira pamenepo Enelesi ankangomwa phala la ufa woyera, m'mawa, masana ndi madzulo. Mazira sitinkamupatsa, poti ankati sayenera mwana wamkazi. Mtedza ndinkasungira mbewu ndi malonda.

Mvula itafika pakati, mwana anasintha. Mapazi ndi masaya zinatupa, tsitsi linafiira n'kumasosoka lokha. Anasiya kuyenda, anasiya kuseka. Ankangokhala pamphasa n'kumalira motsitsa, mopanda mphamvu.

Azakhali atamuyang'ana anati ndi tsempho, matenda amene ankati amagwira mwana ngati mmodzi wa makolo wayenda kunja kwa banja. Ine ndinkadziwa kuti sindinapiteko kwa mkazi wina. Ndiye m'mutu mwanga munatsala munthu mmodzi yekha. Ndinayamba kuganizira masiku onse amene ndinali pa ulendo, n'kumakayikira mwamuna aliyense amene anapatsapo moni mkazi wanga.

Naphiri analumbira atagwira Baibulo, koma ine sindinamve. Ndinamuletsa kugwira mwana ndi kumuphikira. Kenaka ndinamuuza kuti apite kwa mlongo wake, amene ankagwira ntchito pa famu ina ku Palabana, akakhale komweko mpaka adzaulule. Anapita wapansi, kathumba pamutu, akucheukacheuka. Enelesi analibe ngakhale mphamvu yomulirira.

Apa mpamene ndinadziwa kuti kudwazika mwana ndi ntchito. Sindinkadziwa kumusambitsa popanda kumupweteka zilonda za m'ntchafu. Sindinkadziwa kumubereka kumbuyo. Ngolo inaima, kumunda kunamera tchire. Azakhali ankabwera ndi mizu yawo, ine n'kumamutsina mphuno mwana kuti ameze. Sabata inatha, kutupa kunafika m'manja.

Tsiku lina masana anadutsa amake Luka, mayi wamasiye wa Chisoli amene munda wake unachita malire ndi wanga. Anandipeza nditakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo. Anagwada, anadina phazi la Enelesi ndi chala, ndipo chibowo chinatsala osabwerera. Anandifunsa chimene mwana amadya, ine n'kuwauza.

“Atate ake Enelesi, iyi si tsempho. Uyu mwana ali na njala,” anatero.

Ndinapsa mtima. Ndinawalozera nkhokwe yanga n'kuwafunsa ngati pakhomo panga akuonapo njala.

“Nkhokwe naiona. Koma phala yoyera chabe siimanga thupi ya mwana. Ine ninaika mwana m'manda na matenda yamene aya. Wachiwiri ninamupulumutsa chifukwa ninamvera.”

Mawu amenewo anandifooketsa. M'mawa mwake amake Luka anandimangirira mwana kumbuyo ndi nsalu, ndipo ndinapalasa njinga mpaka pa kachipatala ka mishoni. Bambo amene ankaona odwala pamenepo ananena zomwezo. Anandipatsa mankhwala opaka pazilonda, anandilangiza kadyetsedwe, n'kundiuza kuti ndizibwera naye sabata iliyonse. Kenaka anandifunsa kuti mayi a mwana ali kuti. Ndinanyamula mwana n'kutuluka mwamanyazi.

Amake Luka anayamba kubweretsa mkaka wa mbuzi zawo m'mawa uliwonse. Anandiphunzitsa kuuwiritsa, kusinja mtedza, ndi kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi dzira. Azakhali ataona dzira anakuwa, koma tsiku limenelo ndinawayankha koyamba m'moyo wanga kuti mwanayu ndi wanga. Enelesi ankakana, ankalavula, ankatembenuza nkhope. Ndinkamupatsa masupuni awiri, n'kudikira, n'kumupatsanso, tsiku lonse.

Patapita masiku, kutupa kunaphwa, ndipo mwana anatsala mafupa okhaokha. Ndinathamangira kwa amake Luka ndikulira, kuganiza kuti basi watha. Iwo anaseka, nati amenewo anali madzi chabe, tsopano thupi lenileni liyamba kubwera.

Sabata yachitatu, ndikuuzira phala kuti lizizire, Enelesi anatambasula dzanja n'kundilanda supuni. Anadzipaka phala mpaka m'makutu, koma anamaliza mbale yonse. Atatha analoza njira yopita ku Palabana n'kunena kuti, “Amama.” Inu owerenga, mtima wanga unakhala pansi, koma manyazi anandikuta thupi lonse. Mwana anachira popanda wina aliyense kuulula kanthu.

Tsiku lomwelo ndinasiya mwana kwa amake Luka n'kukwera njinga. Ndinapeza Naphiri akuchapa kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, mimba itakula, iye ataonda. Atandiona anaimirira, poganiza kuti ndabweretsa uthenga wa maliro. Ndinamuuza kuti mwana ali moyo ndipo akudya yekha. Anakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira. Ine ndinagwada n'kupepesa pamaso pa alamu anga, amene anandidzudzula mpaka dzuwa linapendeka.

“Nibwerera chifukwa cha mwana, osati chifukwa cha imwe,” anatero Naphiri.

Ndinamukweza panjinga, ine n'kumaikankha. Titafika, Enelesi anamukangamira m'khosi osafuna kutsika mpaka madzulo. Mwana wachiwiri anabadwa bwinobwino nthawi yokolola. Azakhali anakhalabe akunena kuti mizu yawo ndiyo inagwira ntchito mochedwa, ndipo tinangowasiya. Koma kuti Naphiri ayambenso kuseka nane panapita chaka chathunthu, ndipo sindinamudandaule.

Ndikuyamika Mulungu kuti Enelesi alipo mpaka lero, ndi zidzukulu zake. Koma abambo anzanga, musadzayese zimene ndinachita ine. Mwana akadwala, musamuchotsere mayi ake, pakuti palibe amene angamudwazike kuposa iwo. Pitani naye kuchipatala msanga, ndipo mverani ngakhale mnansi wosauka ngati anazionapo. Yambani mwafunsa chimene mwana wadya, musanafunse kumene mayi ake anayenda.