Magolovesi oyera ali pansi

Mkulu woyandikana nafe kuno mumzinda wa Iloilo amasunga timfuti takalekale tokwana m'thumba la jekete, tozokotedwa maluwa pachitsulo kuchokera kufakitale komwe. Sanawombepo ndi kamodzi komwe. Pogwira timfutito amavala magolovesi oyera, ndipo mlendo akangotambasula dzanja amamukalipira: "Chotsani zalazo! Thukuta limabala dzimbiri."

Koma maso awo atha tsopano. Ana awo onse ali kunja kwa dziko, ndipo akaimba foni amangofunsa kuti nyumba aigulitsa liti. Za timfuti palibe amafunsa.

Dzulo ndinawapititsira phala la mpunga. Ndinawapeza pakhonde, magolovesi ali pansi, akusisita kamfuti kamodzi ndi chala. Pachitsulo panali patabuka kale timadontho tofiirira.

"Manong, nanga magolovesi aja?" ndinawafunsa, powatchula mwaulemu monga timaitanira akuluakulu kuno.

"Ndikavala sindiwamva maluwawa, Inday," anandiyankha, ponditchula monga amaitanira atsikana kuno. "Ndikavula ndiye ndikuwapha. Tandiuza, dzimbiri layamba?"

Ndinawauza kuti ayi, kakuwala bwinobwino.

Anaseka pang'ono. "Bodza lako. Apa pakukhakhalapa panali duwa."

Phala linazizira pampando, chala chawo chikusisitabe pomwepo.